Kupopera Zimbale pa Mvumbi

Dalitso ndi Tiyanjane, ana anga, za ubwana wanga sindilemba pano. Munazimva kokwanira kwa amalume anu, ndipo theka lake n'zowonjezera. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa ndi imene inakulerani abambo anu atamwalira, komanso ndi imene inaika mpanda pakati pa ine ndi iwe, Tiyanjane. Zaka zonsezi wakhala ukumva kuti sindinabwere ku kicheni pate yako, phwando lija la amayi lolangiza mkwatibwi, chifukwa mtsinje unadzaza panjira yochokera ku Vubwi. Mtsinje uja sunadzaze. Ndinanama, ndipo ndikuganiza kuti unadziwa tsiku lomwelo, chifukwa kuyambira pamenepo umandilankhula mmene umalankhulira ndi apongozi ako, mwaulemu wonse koma uli chapatali. Ndikufuna udziwe zoona ndikadali ndi maso olembera. Koma kuti umvetse, uyenera kudziwa kaye ntchito imene ndinkagwira, imene nonse munkangoti, “Amama ali ku makompyuta.”

Katete, 2002 mpaka 2008

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kwa Che Saidi, Myao wobadwira ku Malawi amene anali ndi shopu ya makope, zolembera ndi fotokope kufupi ndi msika wa Katete. Ndinali nditaphunzira kutayipa ndisanakwatiwe, koma zala zinali zitauma ndi khasu. Ndinapita kwa iwo ndikadavala zakuda za maliro a abambo anu. Anandipatsa kalata yoti nditayipe, n'kukhala pambali akumwa tiyi, osandiyang'ana n'komwe. Nditamaliza anaiwerenga kawiri, kenaka anandifunsa kuti, “A Naphiri, kodi mumapsa mtima msanga?” Ndinati, “Ndikaona zopusa, bwana.” Anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye muzipsa tsiku ndi tsiku, chifukwa muno zopusa zimalowa limodzi ndi makasitomala. Bwerani Lolemba.” Bambo amenewa ndinawagwirira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sanandikalipirepo pamaso pa anthu. Lachisanu masana ankandisiyira makiyi n'kupita ku mzikiti, ndipo Lamlungu sankandiitana ngakhale ntchito ichuluke bwanji.

Zaka ziwiri zoyamba ndinkangotayipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro ndi makadi a ukwati. Kenaka Che Saidi anagula kamera ya vidiyo, n'kulemba ntchito a Mwale, bambo wamtali wosalankhulalankhula, kuti azijambula maukwati ndi makwaya. A Mwale ankajambula, ine ndinkatsitsira zithunzi ndi nyimbozo m'zimbale, zimene ena ankati madisiki. Poyamba dzina tinkangolemba pamwamba ndi maka. Kenaka tinayamba kumata mapepala ozungulira, koma kukatentha ankamatukira m'kati mwa wailesi, ndipo mwini wake ankabwera atasenza wailesi yonse kudzatisonyeza tchimo lathu. Ndiye tsiku lina bwana anabwera kuchokera ku Lusaka ndi pulinta yokhala ndi kathireyi kolowetsapo chimbale chenichenicho, pamodzi ndi zimbale zoyera pamwamba. Sindidzaiwala choyamba chimene chinatuluka: mkwati ndi mkwatibwi atagundanitsa mitu, maluwa ofiira, mayina awo pansi. Azimayi a tomato anasiya malonda kudzaona. Ine tsiku limenelo ndinayenda monyang'wa ngati ndapanga ndine pulintayo.

Chimwemwe chathu sichinathe mwezi. Inki ya pulinta imeneyo sigwirizana ndi madzi, ndipo anthu akwathu mukuwadziwa. Chimbale chikayamba kudumphadumpha, munthu amachiuzira mpweya n'kuchipukuta pachitenje. Chikakana amalavulirapo timalovu, chikakanabe amachitengera ku madzi. Tsiku lina anabwera mkwatibwi yemwe uja wa chimbale choyamba, maso ali psu. Anachiika pa kauntala. Iye analipo, maluwa analipo, koma pamene panali mwamuna wake panatsala chibanga chabuluu. “Anti, onani,” anatero. “Apongozi anga anapukuta na nsalu yonyowa ya mbale, manje amuna anga achoka. Anthu akamba ati ni malodza.” Che Saidi anamuuza kuti mwamuna wake ali bwino, wodwala ndi inki, ndipo tinamupangira china. Sabata yotsatira anabwera ndi zitini ziwiri za sipuleyi, vanishi yopopera yosakhala ndi mtundu, imene ikauma imaphimba inki kuti madzi asaikhudze. Anandipatsa m'manja n'kunena kuti, “Zolemba pachitinipo zikunena za zithunzi za papepala. Za zimbale mudziphunzitse nokha, a Naphiri.”

Ndinadziphunzitsadi, ndipo zimbale zimene ndinawononga pophunzira zikanadzaza dengu. Ndikayandikiza chitini, sipuleyi inkayenderera n'kuuma ili ndi mizere. Ndikapopera inki ikadali yaiwisi, nkhope za anthu zinkasungunuka. Utsi wake ukalowa kunsi, kumbali yowala imene imawerengedwa ndi wailesi, chimbale chonse chinkafa. Pang'ono ndi pang'ono ndinapeza malamulo anga. Inki igone usiku umodzi isanapoperedwe. Chimbale chigone pa katoni yosalala kuti utsi usapeze polowera, ndipo pabowo lapakati ndinkavundikirapo chitsekerero cha botolo la zakumwa. Chitini ndinkachikhutchumula mpaka kanthu kam'kati kaja kalire momasuka. Pakati pa chitini ndi chimbale pazikhala mtunda wa kuchokera pachigongono kufika pa nkhonya. Uyambe kupopera kunja kwa chimbale, udutse, ukalekere kunja kwinako, osaima pakati. Kawiri mopyapyala, osati kamodzi mothithikiza. Ukamaliza uvundikire ndi beseni lokhazika pa njerwa ziwiri, kuti mpweya uzilowa koma fumbi la malole a mumsewu waukulu lisagwerepo. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse: kunja kukakhala chinyontho, chitini chisakhudzidwe, chifukwa sipuleyi imatsekera chinyonthocho m'kati ndipo chithunzi chimachita mbuu ngati diso la ng'ala. Ndinkapoperera kuseri kwa shopu, nditamanga mpango pamphuno. Fungo lake linkandipweteketsa mutu, ndipo Che Saidi ankanditumizira kapu ya mkaka, ati umatsuka m'chifuwa. Kaya unkatsukadi, kaya, koma ndinkamwa.

Zaka zimenezo ndimazisowa. Mwezi wa Ogasiti, anthu akamasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, Katete yense ankasefukira, ndipo aliyense wochokera kutali ankafuna kubwerera ndi chimbale cha magule a kwawo. Ndiwonso mwezi wa mphepo ndi fumbi, choncho ndinkapopera m'mamawa mphepo isanadzuke, mabeseni asanu ali ndandanda kuseri kwa shopu. Inu munkabwera pochokera kusukulu, ndipo iwe Dalitso ndinakukwapulapo chifukwa chovundukula beseni kuti uone. Chinkandisangalatsa kwambiri chinali kuyesa pamaso pa kasitomala. Ndinkaviika chala m'kapu ya madzi, n'kuchikhukhuza pankhope pa mkwati, mwini wake atagwira pakamwa. Nkhope ili nji. Ndikatero ndinkamupatsa chimbale chake.

Sinda, 2009 mpaka 2012

Che Saidi atatsegula shopu yachiwiri ku Sinda anaikako mphwawo, Yusufu, kuti aziyang'anira, ine n'kunditumiza kuti ndikayambitse za zimbale. Yusufu sanali munthu woipa. Anali wa sukulu yambiri ndi changu chambiri, ndipo ankakhulupirira kuti chilichonse chimene mkulu amachita pang'onopang'ono, iye angachichite mwachidule. Ku Sinda n'kumene ndinadziwira kusowa kwa zipangizo. Sipuleyi inkachokera ku Lusaka pa basi, ndipo kondakitala akaiwala, katoni yathu inkapitirira mpaka ku Chipata n'kukagona kumeneko masabata. Nthawi ina tinakhala miyezi itatu opanda chitini n'chimodzi chomwe. Yusufu anapita ku saluni n'kubwera ndi sipuleyi ya tsitsi. “Anti, ni chimodzimodzi chabe, yonse ni sipuleyi,” anatero. Zimbalezo zinanunkhira bwino ndithu, koma zinamatirira m'timatumba take, ndipo m'mawa tinapeza nyerere zikuchita msonkhano pankhope pa abusa ena a kwaya. Sanagonje. Anabwera ndi vanishi ya akalipentala ndi kaburashi. Chimbale chinalemera mbali imodzi, ndipo tikachiika mu wailesi chinkalira ngati chigayo. Ndinamuuza kuti akabweretsanso china, ndimupaka iyeyo.

Dzina langa linamveka ku Sinda. Makwaya a m'midzi ankabwera pa njinga n'kunena kuti akufuna “zimbale za amayi aja, zosachoka.” Ndisakubisireni, ndinayamba kudzimva. Tsiku lina la Febuluwale ndinachokapo kupita kuchipatala kukayezetsa magazi, ndipo pobwera ndinapeza Yusufu atapopera zimbale khumi za ukwati, kunja kukuwaza. Zonse zinali mbuu. Mu shopu munali makasitomala anayi, koma sindinasamale. Ndinanyamula chimbale chimodzi n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone. “Taonani ntchito ya munthu wa satifiketi! Ngakhale mbuzi imadziwa kuti kunja kukugwa mvula. Kodi ndinakuuza kangati? Munthu wopopera pa mvula si wantchito, ndi wowononga.” Yusufu anangozyolika. Madzulo ake anandiuza motsitsa mawu kuti, “Anti, mukanandiuza kuseri. Na imwe tsiku lina muzalakwa.” Ndinamuyankha kuti pa zimenezi ayi, adikira mpaka imvi. Che Saidi atamva anangondiuza pafoni kuti, “Munanena zoona, a Naphiri, koma munazinena pamsika.” Ine ndinaona ngati akuikira kumbuyo mphwawo, ndipo sindinapepese.

Vubwi, 2013

Vubwi itakhala boma payokha, Che Saidi anachita lendi kachipinda kumeneko n'kunditumiza ndekha, ine ndemwe woyang'anira, ine ndemwe wantchito. Magetsi anali asanafike pa kashopu kathu, tinkadalira kajenereta. Foni nthawi zina inkagwira netiweki ya ku Malawi. Koma malo aja ndinawakonda. Mapiri ali pafupi, anthu amalankhula Chichewa chonga cha amayi anga, ndipo tsiku la msika kunkabwera a ku Malawi ndi a ku Mozambiki, onse ofuna nyimbo. Iwe Tiyanjane unali utamaliza kosi ya uphunzitsi, ndipo ukwati wako unakonzedwa kuti uchitike mu Novembala, kicheni pate Loweruka, ukwati Loweruka linzake. Ndinali nditakugulira mbale zadothi khumi ndi ziwiri kwa wamalonda wa ku Malawi, zili m'katoni pansi pa bedi.

Kumayambiriro kwa mwezi umenewo kunabwera a Sakala, mlimi wa thonje wachikulire wa m'mudzi wina cha kumalire. Akazi awo, a Nabanda, anali atamwalira chaka chapitacho. Ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi kumpingo kwawo, ndipo a Mwale anali atajambulapo kwayayo a Nabanda akadali moyo. Tsopano banja linali litamanga chiliza, ndipo mwambo wovundukula unali Lamlungu lotsatira kicheni pate yako. Ankafuna zimbale makumi asanu ndi limodzi za nyimbo za kwayayo, kuti wachibale aliyense abwerere nacho chake. Anatulutsa chithunzi chimodzi chokha cha malemuwo, chokulungidwa m'pepala la shuga. “Mayi, china ndilibe,” anatero. “Kubwera abale a ku Mozambiki ndi a ku Malawi, ena sitidzaonananso. Zidzukulu zina sizinamuonepo. Ndamva kuti inu mumapanga zosachoka. Nkhope yake ioneke bwino, ndapota nanu.” Ndinawauza kuti asadandaule, afika pa mwini ntchito. Tinapangana kuti adzatenge Lamlungu m'mamawa kwa mayi mwini nyumba ya kashopu kathu, chifukwa ine ndidzakhala ndili ku Katete.

Ndinakonza bwino zonse. Lachiwiri ndi Lachitatu kutsitsira nyimbo ndi kusindikiza, Lachinayi kupopera, Lachisanu m'mawa kukwera lole. Koma Lachitatu masana kunayamba mvumbi, mvula ija yosagwa mwamphamvu koma yosaleka. Lachinayi ndinakhala pakhomo tsiku lonse ndikuyang'ana kumwamba. Lachisanu kunacha chimodzimodzi, makoma ali nyowe, machesi akukana kuyaka. Lole inkanyamuka 10 koloko. Ndinali nditavala kale, chikwama ndi katoni ya mbale zili pakhomo. Ndinadziuza kuti ndikapoperera m'kati mwa chipinda, mopyapyala kwambiri, ndi dzanja langa lozolowera, palibe chichitike. Lamulo lija ndinalipangira anthu ngati Yusufu, osati ine. Ndinayala makatoni pansi ponse n'kupopera zonse makumi asanu ndi limodzi, osayesa n'chimodzi chomwe poyamba. Ndinavundukula beseni loyamba. A Nabanda anali mbuu, maso osaoneka, ngati munthu wophimbidwa nsalu yoyera kumaso. Ndinavundukula lachiwiri, lachitatu, zimbale za pansi pa tebulo. Zonse.

Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene foni inkagwira bwino, n'kuimbira Che Saidi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. “Nyimbo zikuimba?” Ndinati zikuimba. “Ndiye asiyireni zomwezo ndi kalata yopepesa. Tidzawapangira zina mwezi wamawa, ine ndidzapita nazo ndekha. Pitani kwa mwana, a Naphiri. Chimbale chimapangidwanso, tsiku la mwana silipangidwanso.” Ndinawauza kuti mwezi wamawa abale aja adzakhala atabalalika m'mayiko atatu, aliyense ndi mzukwa m'chikwama. Ndinati munthu sungapatse wamasiye nkhope ya mkazi wake itafufutika, pa tsiku la chiliza. Zimenezo zinali zoona, ndipo mpaka lero ndimazikhulupirira. Koma panali chinanso chimene sindinanene. Ndinkaona m'maganizo zimbale zija zikuyenda m'manja mwa anthu, wina akufunsa kuti wapanga ndani, wina akuyankha kuti ndi amayi aja a zosachoka. Ndinkaona nkhaniyo ikufika ku Sinda, Yusufu akuimva. Che Saidi anafunsa kuti, “Zimbale zoyera zilipo?” Ndinati zilipo, ndi chitini chimodzi chosatsegula. “Mwasankha kale, ndikumva. Mulungu akuthandizeni.” Ndili pachulu pomwepo ndinamva lole ikuliza hutala pamsika, ndipo sindinatsike.

Masana ndinakuimbira. Unali ku saluni, ndinkamva anzako akuseka. Ndikanakuuza zoona, mwina ukanakwiya sabata imodzi basi. Koma pakamwa panga panakana kunena kuti ine, Naphiri, ndapopera pa mvula. Ndinati, “Mwana wanga, mtsinje wadzaza panjira ya ku Chadiza, magalimoto sakuwoloka.” Unafunsa kuti, “Nanga mailo, amama?” Ndinati madzi ndi ambiri, sangaphwe pofika mawa. Unati, “Chabwino, amama. Muzisamale.” Pambuyo pake ndinamva kuti lole yomwe ija inafika ku Katete madzulo ake, ndipo inatsitsa mayi wina wa kumpingo kwathu amene anabwera ku phwando lako.

Lachisanu lonselo kajenereta kanalira, ine ndikutsitsira nyimbo m'zimbale zatsopano ndi kusindikiza, chimodzichimodzi. Petulo atatha ndinakapempha kwa wachigayo. Zotsala ndinamaliza Loweruka m'mawa. Dzuwa linatuluka cha m'ma 9 koloko, lowala ngati silinalakwe kanthu, koma inki inali yaiwisi, ndipo tsopano ndinkaopa kuphwanya lamulo lina lililonse. Ndinayala zimbale pawindo kuti dzuwa liziumitse m'malo mogona usiku, n'kudikira mpaka 3 koloko masana. Nthawi imene unkalowetsedwa m'bwalo utafunditsidwa chitenje, ng'oma zikulira, ine ndinali kuseri kwa kashopu ku Vubwi, mpango pamphuno, ndikukhutchumula chitini. Nthawi imene anaitana mayi wa mkwatibwi kuti apereke mphatso ndi mawu ake, anaimirira ndi azakhali ako. Anandiuza okha kuti anthu ananong'onezana, ndipo iwe sunadzutse mutu. Ndinalira ndikupopera, koma zonse zinatuluka bwino.

A Sakala anafika Lamlungu kusanatenthe, ndipo anadabwa kundipeza. Ndinawapatsa chimbale chimodzi. Anachigwira m'mphepete ndi manja awiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sindinachite zanga zija za chala ndi madzi. Iwo okha misozi inagwera pachimbalepo, ndipo anaipukuta ndi chala chachikulu, mwamantha, kenaka n'kuyang'ananso. “Ndi yemweyu,” anatero. “Ndi yemweyu ndithu, mayi.” Anamanga katoni pa njinga n'kupita. Ndikuuze zoona zonse, Tiyanjane, popeza ndayamba: pa nthawi imeneyo ndinasangalala. Mtima unadzaza. Chisangalalo chimenecho n'chimene chakhala chikundichititsa manyazi kuposa bodza lija. Ku ukwati wako ndinabwera, mbale ndinakupatsa, unagwada polandira. Za mtsinje sunafunse, ndipo ine sindinayambitse. Zimbale zowonongeka zija ndinazitsekera m'katoni n'kumata ndi tepi, ndipo Che Saidi anasunga chinsinsi changa mpaka kumanda.

Katete, 2018 mpaka lero

Ntchito yathu inafa pang'onopang'ono. Anthu anayamba kubwera ndi mafulashi ndi timakadi ta m'foni, kenaka anasiyiratu kubwera, chifukwa nyimbo ankatumizirana okha. Shopu ya ku Vubwi tinatseka, ndinabwerera ku Katete, ndipo Che Saidi atamwalira ana awo anasandutsa shopu ija kukhala ya zipangizo za njinga zamoto. Ndinapuma. Pulinta ija anandipatsa, ili m'chipinda mwanga, ndimaikapo Baibulo ndi magalasi. Nthawi zina ndikadutsa pamene akupenta zitseko, fungo lija limandibwezera kuseri kwa shopu, mabeseni ali ndandanda, ndipo ndimaima kaye pang'ono.

Kuseri kwa nyumba yanga kuno kuli a Mwanza, amene amawongola ndi kupenta magalimoto. Chaka chatha, m'mawa wina wa mitambo mvula itagwa usiku, ndinawaona akupopera vanishi pa chitseko cha galimoto. Chinachita mbuu ndikuona. Khalidwe silikalamba, ndinayamba kuwalalatira pampanda. “A Mwanza, zaka zonsezi simudziwa kuti sapopera pa chinyontho? Mwaononga chitseko cha eni ake. Mupala chonsecho.” Iwo anaseka. “Amama, sinipala kanthu. Yachita chabe kuzizidwa. Lekani dzuwa lichoke, muzaona.” Dzuwa litatuluka anaika chitseko poyera kuti chifunde, kenaka anadutsitsapo sipuleyi kamodzi, mopyapyala. Kuyera kuja kunasungunuka ndikuyang'ana. Anandifotokozera kuti yatsopanoyo imafewetsa yakale, chinyontho chotsekeredwa chija n'kupeza potulukira. “Aliyense wopenta motoka aziba,” anatero. “Imwe simunafunsepo?” Sindinafunsepo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali katswiri woti sangafunse munthu wa magalimoto.

Ndinabwereka chitini chawo. Ndinalowa m'nyumba, n'kukoka katoni ija pansi pa bedi, tepi yake itauma. Ndinaika chimbale chimodzi padzuwa, chitsekerero cha botolo pakati, n'kudutsitsa kamodzi. A Nabanda anatuluka. Maso, mpango wawo wa kwaya, kampata ka m'mano, zonse. Ndinayala zotsalazo pakhonde n'kupopera zonse, ndikuyang'ana wotchi, ngakhale ndinkadziwa kuti chimene ndikufuna kudziwacho chindipweteka. Sizinathe ola limodzi. Ndinakhala pansi pakati pa nkhope makumi asanu ndi limodzi za mayi amene sindinakumanepo naye, ndipo ndinalira mokweza mpaka a Mwanza anasuzumira pampanda.

Pepani sapoletsa chilonda, mwana wanga, ndipo sindikulemba kuti unene kuti ndinachita bwino. A Sakala anayenera kulandira nkhope ya akazi awo, zimenezo sindibweza. Koma iwe unayenera kumva zoona kuchokera kwa mayi ako, ndipo chimene chinandiletsa kukuuza ndi chomwecho chimene chinandiletsa kufunsa. Ndawerengera nthawi ija kambirimbiri. Loweruka lija dzuwa linatuluka 9 koloko. Pofika 10 koloko ndikanakhala nditamaliza, ndipo tsiku la msika ngati limenelo magalimoto opita ku Chadiza sankasowa. Ndikanafika mochedwa, Tiyanjane, ng'oma zitayamba kale, matope ali m'miyendo, katoni ya mbale ili pamutu. Koma ndikanafika.